Za Gitala ya Nsambo 12

Gitala yozolowereka ili ndi nsambo 6, koma ilipo ina ya nsambo 12 zoikidwa ziwiriziwiri. M'magulu anayi, nsambo yonenepa imatsagana ndi yowonda yolira liwu lomwelo mokweza. M'magulu awiri otsalawo nsambo n'zolingana. Chifukwa chake imamveka ngati magitala awiri. Lead Belly wa ku America, amene adamwalira mu 1949, adatchuka nayo.

Komatu nsambo zochulukazo zimakoka khosi la gitala kolimba. Likapindika, zala zimapweteka ndipo nyimbo imaonongeka. Motero woitanitsa gitala yotere kwa mmisiri apemphe khosi lokhala ndi chitsulo m'kati, ndipo asakunge nsambo mopyola muyeso. Lead Belly yemweyo ankakunga zake motsitsa.