Pakhonde pa Azakhali: Wang'oma ndiyenso dalaivala

Zikomo Azakhali,

Ndine mnyamata wa zaka 29, kwathu ndi ku Ntcheu koma ndikukhala ku Croydon kuno ku London. Mkati mwa sabata ndimagwira ntchito ya usiku yosamalira okalamba, Loweruka ndimaimba ng'oma m'kabandi kathu ka anthu asanu. Timaimba m'maukwati a Amalawi, pa zikondwerero za 6 July ndi m'timabala ta azungu. Tafikako ku Leicester, Nottingham, Coventry ndi Manchester, ndipo kulikonse anthu amavina mpaka thukuta kamukamu. Mtsogoleri wathu akuti chaka chamawa tiwolokera ku France ndi Germany, ndiye tonse tisiye ntchito tilimbikire zoimba.

Chikundisowetsa mtendere ndi ichi. Vani yathu ndimayendetsa ndine chifukwa laisensi ya kuno ndili nayo ndekha. Ndalama amasunga mtsogoleriyo, tikafunsa amati zathera mafuta. Mwezi watha ku Manchester anatilipira £400, ine ndinangolandirapo £20. Chibwenzi changa chakwiya, akuti ndimakagona ndi atsikana ovina kutsogolo aja. Kumudzi nako aona zithunzi pa Facebook, malume ayamba kale kufunsa za malata. Ndisiye ntchito, ndisiye bandi, kapena ndisiye mkaziyu?

Wang'oma wosowa tulo,
Croydon

Mwana wa achimwene anga iwe,

Eti ukuti ndiwe woimba? Khala pansi tiwerenge. Kuchoka ku Croydon kufika ku Manchester ndi makilomita oposa 300, ndipo ndi vani yolemedwa ndi zida pamafunika maola 5 kupita, 5 kubwera. Utafika unatsitsa masipika, n'kuwakweza pamasitepe opanikiza a kuseri kwa bala, uku wabesi akuti msana wamugwira. Unamanga ng'oma zako, kenako nonse munakhala tsonga kudikira mwini makina okuzira mawu, amene foni iliyonse ankayankha kuti ali pafupi. Kuimba kwenikweniko sikunapose ola limodzi. Mutatha, oimba kutsogolo anapita kukajambulitsa ndi anthu, iwe uli chogwada kukulunga mawaya omata ndi mowa wotayika. Unachoka pakhomo 11 koloko m'mawa Loweruka, unabwerera 4 koloko m'bandakucha Lamulungu. Maola 17 amenewo, limodzi lokha ndiye la ng'oma. Kwathu ku Ntcheu munthu wotere timati ndi dalaivala wokonda nyimbo.

Tsopano za £400 ija. Usathamangire kumutchula wakuba mtsogoleri wanuyo, mwina amangolephera masamu. Vani yanu ndikuidziwa ngakhale sindinaione: ndi ya dizilo, yakale, chitseko chakumbuyo mumachita kumanga ndi chingwe. Kuyambira pa 29 August 2023 dera la ULEZ, lolipiritsa magalimoto otulutsa utsi wambiri, linafalikira London yense, Croydon ali momwemo, ndipo vani ya dizilo yosafika muyezo wa Euro 6 imalipira £12.50 tsiku lililonse ikayenda. Tsiku lawo limatha pakati pa usiku. Inu munatuluka Loweruka n'kulowa Lamulungu, ndiye ndi £25. Mukaiwala kulipira, kalata ya chindapusa cha £180 imabwera yokha osaitanidwa, ngakhale amadula theka mukalipira pasanathe masiku 14. Dizilo tiyerekeze £100. Mwini zokuzira mawu uja, amene anakudikiritsani, £50. Poimika galimoto £15. Chakudya cha m'njira cha anyamata asanu anjala £40, ndipo apa ndakuchitirani chifundo. Zonse pamodzi £230. Zatsala £170, pa anthu asanu ndi £34 aliyense.

Ndiye inde, pali £14 yako imene yasochera penapake, ukaifunse. Koma taona chinthu chachikulu chimene ukuchilambalala. Ngakhale akanakupatsa yonse, £34 pa maola 17 ndi £2 pa ola. Boma la kuno mu April 2025 linaika £12.21 pa ola ngati malipiro otsikitsitsa a munthu wa zaka 21 kupita m'tsogolo. Agogo amene umawatembenuza usiku ku Croydon aja ndiwo akulipirira bandi yanu, ndipo sanamvepo ngakhale nyimbo imodzi.

Bandi yopanda kope ili ngati banki m'khonde yopanda mlembi: aliyense amakumbukira zimene anaponya, palibe wokumbukira zimene anatenga. Pita pa shopu ugule kope la chikuto cholimba, limangirire ndi ulusi pafupi ndi chiwongolero. Cholowa chilembedwe, chotuluka chilembedwe, lisiti lililonse lilowe m'envulopu. Wosunga ndalama akhale wina, wolemba akhale wina, ndipo pa awiriwo pasakhale wogwira maikolofoni, chifukwa munthu amene amuimbira m'manja usiku wonse savomera kufunsidwa za chenje. Kugawana kuchitike galimoto isanalizidwe, nonse muli maso, osati pa WhatsApp Lachitatu. Vani nayo ilandire gawo lake ngati munthu wachisanu ndi chimodzi, loti lidzagule matayala ndi kulipira MOT, kuyeza galimoto kwa chaka ndi chaka, apo ayi tsiku lomwe idzafere m'mbali mwa msewu wa M6 mudzayang'anana ngati simudziwana. Ndipo dalaivala alandire kenakake kapadera. Usachite manyazi kuyambitsa nkhaniyi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Okonza maphwando nawo, makamaka athu akumudzi, asamakuuzeni kuti "tionana pambuyo pa shoo". Pambuyo pa shoo foni yawo imakhala itatha moto. Mtengo ulembedwe, theka lilowe ku banki musananyamuke. A Musicians' Union, bungwe la oimba la kuno lomwe mizu yake inayamba mu 1893, amapatsa mamembala awo mapepala a mgwirizano olembalemba kale, inu n'kungodzaza dzina, tsiku ndi ndalama. Ufunsenso ngati a inshuwalansi ya vaniyo akudziwa kuti mumapita nayo ku ntchito yolipidwa, chifukwa inshuwalansi ya kokacheza ndi kokagula ndiwo imakukana tsiku la ngozi.

Apa ndiye ndisiye kaye nthabwala. Iwe umaweruka shifiti ya usiku Loweruka m'mawa, n'kugona maola awiri kapena atatu, n'kugwira chiwongolero. Pobwerera anzako anayi ali m'tulo kumbuyo, pakamwa yasa, mitu itatsamira pa masipika, iwe wekha ukulimbana ndi zikope pa msewu wa M1. Watsitsa galasi kuti mphepo ikumenye, ukutafuna chingamu, ukudzitsina pantchafu, ndipo pali makilomita ena amene sukukumbukira kuti unawadutsa bwanji. Buku la malamulo a pamsewu la kuno, Highway Code, limanena kuti upume mphindi zosachepera 15 pa maola 2 aliwonse, ndipo limachenjeza za maulendo ataliatali a pakati pa usiku mpaka 6 koloko m'mawa, nthawi yeniyeni imene iwe umayenda. Ine sindikufuna kuti gulu lathu la amayi liyambe kusonkha ndalama zotumizira maliro ku Ntcheu chifukwa cha £20. Wina mwa anayiwo aphunzire galimoto chaka chino, bandi imulipirire. Mpaka atakhoza, wokhala mpando wakutsogolo saloledwa kugona, ntchito yake ndi kukuchezetsa, ngakhale akhale akunena mabodza. Shoo ikakhala kupitirira Birmingham, mugone komweko. Ku Manchester, Nottingham ndi Leicester Amalawi alipo ambirimbiri, ndipo pabalaza pa munthu wa kumpingo sipanakanepo mlendo wobwera ndi ufa.

Tulo tikakugwira, patuka. Pa M1 pali malo opumirapo a Watford Gap, amene anatsegulidwa mu 1959 pamodzi ndi msewuwo. M'zaka za m'ma 1960 a Beatles, a Rolling Stones ndi Jimi Hendrix ankaima pamenepo usiku pochokera koimba, ali otopa ngati iwe, ndiye usaone ngati ukuchepa. Maola 2 oyamba kuimika galimoto pamalo oterewa ndi ulere, ukapitirira ulipira, choncho tchera alamu. Chakudya chake n'chodula, nyamulani kamba wanu: mpunga ndi nkhuku m'bakuli, tiyi m'fulasiki, mtedza wokazinga. Wakiyibodi akanena kuti sadya zozizira, akagule zake ndi ndalama yake.

Ndisiye ntchito? Ayi, bambo. Mtsogoleri wanu maloto ake ndi okoma, koma muwauze izi ali chikhalire. Ngati chitupa chako chokhalira kuno chinamangidwa pa ntchito yosamalira okalambayo, ukaisiya a Home Office kawirikawiri amakupatsa masiku 60 kuti upeze bwana wina wokuimira kapena ulongedze. Ngakhale ganyu ya Loweruka imeneyi ili ndi malire ake pa chitupa chotere, ndipo ngati m'gulu mwanu muli wa chitupa cha sukulu, iyeyo lamulo silimulola n'komwe kugwira ntchito yosangalatsa anthu. Kaonaneni ndi wodziwa malamulo a zolowa ndi kutuluka, osati m'bale wa pa WhatsApp amene amadziwa zonse. Za ku France ndi Germany, pasipoti ya Malawi imafuna viza ya Schengen, ndipo chichokereni Britain mu European Union, kuyambira January 2021 vani yodzaza zida imayenda ndi chikalata cha kasitomu chotchedwa ATA Carnet, cholembapo chida chilichonse, chimene mtengo wake ndi mapaundi mazanamazana. Kunonso malo oimbira akuchepa. A Music Venue Trust anawerenga kuti mu 2023 mokha malo ang'onoang'ono 125 anatsekedwa kapena kusiya zoimbaimba. Azungu obadwira konkuno, a magitala odula, masana akugulitsa khofi.

Sindikuti Mmalawi sangatulukire ku London. Esau Mwamwaya anafika kuno mu 1999, naye anali wang'oma, wa Masaka Band ku Lilongwe. Sanakhale pansi kudikira kutchuka. Anali ndi kashopu ka katundu wakale ku Clapton, ndipo tsiku lina Etienne Tron wa gulu la Radioclit analowa kudzagula njinga. Kucheza kwa pa njingayo ndiko kunamufikitsa kwa Johan Karlberg wa gulu lomwelo, n'kubadwa The Very Best, ndipo mu 2009 anatulutsa chimbale cha Warm Heart of Africa, momwe munaimbanso M.I.A. ndi Ezra Koenig wa Vampire Weekend. Werenga wekha, 1999 mpaka 2009, ndipo mwayiwo unamupeza atatsegula shopu. A Malawi Mouse Boys ankagulitsa mbewa m'mbali mwa msewu pamene wojambula nyimbo Ian Brennan anawamva akuimba, ndipo mu 2013 anali pa chikondwerero cha WOMAD kuno ku Mangalande.

Koma amene ndikufuna uwayang'anitsitse ndi a Madalitso Band, Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni. Anaimba m'misewu ya Lilongwe zaka zambiri asanakwere ndege kupita ku Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017, ndipo kuchokera pamenepo akhala akuzungulira Ulaya. Anthu awiri, babatoni wa chingwe chimodzi, gitala ya zingwe zinayi ndi ng'oma yoponda ndi chidendene, basi. Okonza zikondwerero amawakonda chifukwa cha nyimbo, koma usaiwale kuti matikiti awiri ndi otchipa kuposa asanu. Inu muli ndi masipika olemera kuposa ine, oimbira m'bala la anthu 60 lomwe lili kale ndi zokuzira mawu zake. Imbani foni mufunse zimene zilipo musanasenze nyumba yonse. Ndipo wachisanu uja, wogwedeza maseche ndi kukuwa kuti manja m'mwamba, ndi mlamu wake wa ndani?

Za chibwenzi chako ndaseka mpaka misozi. Mwana wa eniyo akuganiza kuti kuseri kwa siteji kuli maluwa ndi shampeni. Usalumbire, usalire, usamuonetse foni. Mutenge ulendo umodzi. Akhale pakati pa wabesi ndi bokosi la mawaya, amve fungo la masokosi a amuna asanu mu vani yotseka magalasi mwezi wa January, aone chipinda chosinthira chimene ndi mosungira migolo ya mowa ndi chokolopera. Akuone 2 koloko usiku utasenza ng'oma yaikulu pamvula, atsikana ovina aja atakwera kale taxi ndi amuna awo. Akabwerako nsanje idzakhala itatha, chotsala chidzakhala chisoni, ndipo mwina ndiye adzakhale mlembi wa kope lija. Komabe madandaulo ake enieni uwamve. Sabata yonse uli ku shifiti, Loweruka uli pamsewu, Lamulungu uli chigonere. Iyeyo akuone liti? Loweruka limodzi pa mwezi likhale lake, bandi idziwiretu, ndipo usapite nazo ndodo zoimbira n'kumagogoda pa tebulo la eni.

Malume atumizire chithunzi cha tsamba loyamba la kope, m'malo mwa chija unajambulitsa pa Tower Bridge utavala magalasi akuda dzuwa kulibe. Akaona £34 mwina akutumizira iwowo ya sopo.

Mukadzaimba kufupi kuno, ku Peckham kapena ku Woolwich, undiuze ndidzabwere ndi amayi anzanga. Tidzagula matikiti pakhomo ngati anthu, chifukwa theka lina la umphawi wanu ndi abale amene amafika asanu ndi awiri n'kumuuza wapageti kuti ndife akwawo kwa wang'oma. Mundisungire mpando kutali ndi sipika, ndipo ngati papositala mwalemba 8 koloko, ikakwana 9 musanayambe ndikatenga ndalama yanga kwa mtsogoleri wanuyo pamaso pa anthu.

Ndine,
Azakhali ako