Phunziro kwa Aphunzitsi: Kudziwa Kuchuluka kwa Akhristu Powerenga Nyumba Zochepa

Mayi wophika ndiwo samwa msuzi wonse kuti adziwe ngati mchere wakolera: avundula bwino, nalawa pang'ono. Momwemonso mphunzitsi angathe kudziwa kuchuluka kwa Akhristu a m'dera lake ngakhale asanalowe m'nyumba zonse.

Nachi chitsanzo. Bambo Mfumu afuna kumanga tchalitchi ku nthambi ina ya Kachebere, kumene kuli nyumba 240. Mphunzitsi ayenda midzi yonse, nalowa m'nyumba imodzi pa nyumba 8 zilizonse, ndiye kuti nyumba 30. Apezamo anthu 135, ndipo mwa iwo Akatolika 60. Pochulukitsa ndi 8, adziwa kuti kuderako kuli anthu pafupifupi 1,080, ndi Akatolika pafupifupi 480.

Koma achenjere pa zinthu ziwiri. Choyamba, asasankhe nyumba za abwenzi ake zokha, kapena zoyandikana ndi sukulu ya mishoni, pakuti kutero ndiko kulawa osavundula. Chiwerengero chidzatupa, ndipo anthu adzatopa ndi kuumba njerwa zosafunika. Chachiwiri, asabwereke gawo la kwina. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 17,563,749 m'Malawi, ndipo Akatolika anali pafupifupi 17 pa anthu 100 alionse. Gawo limenelo ndi la dziko lonse, si la Kachebere, kumene mishoni inatsegulidwa kale mu 1903.

Potumiza chiwerengero kwa Bambo Mfumu, mphunzitsi asaiwale kulemba mawu akuti "pafupifupi", ndi kutchula nyumba zimene analowamo. Pakuti woweta wokhulupirika saonjezera nkhosa zimene sanazione.