Tiana ta Nsomba Timakulira M'dambo: Malangizo kwa Mabanja a ku Chilwa

Mvula ikakhazikika, mitsinje ya Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe imadzaza n'kusefukira m'madambo ozungulira nyanja ya Chilwa. Milamba ndi matemba zimakwera ndi madzi amenewa kukaswana mu udzu womira. Mlamba umaikira mazira usiku, mazirawo amamatirira ku udzu, ndipo pasanathe masiku awiri amakhala ataswa.

N'chifukwa chiyani nsomba zimasankha dambo? Madzi ake ndi osaya, choncho amafunda msanga ndi dzuwa, ndipo kansomba kamakula mofulumira m'madzi ofunda. Ndowe za ng'ombe ndi udzu wowola zimachulukitsa tizilombo ting'onoting'ono. Tungani madzi a m'dambo m'mbale yoyera, muyang'anitsitse: muona timadontho tikuyendayenda. Limenelo ndiye phala la tiana ta nsomba. Bango ndi njedza nazo zimabisa tianato kwa akakowa ndi nsomba zikuluzikulu. Mukatentha njedza yonse m'chilimwe, dziwani kuti mwatentha pobisalira pake.

Madzi akayamba kuphwa, tinsombato timatsata timakwawa kubwerera kumtsinje ndi kunyanja. Apa ndi pamene ambiri timalakwitsa. Wina amatseka khwawa lonse ndi biyo n'kutchera miono, wina amakokolola ndi neti ya udzudzu. Ndiwo zake sizidzaza n'komwe poto, koma wapha nsomba zomwe zikanadzaza dengu miyezi ingapo kutsogoloku. Zimamvetsa chisoni kuona tiana tosakwana chala titayanikidwa pathandala.

Akuluakulu akukumbukira kuti nyanjayi inauma mu 1968 komanso mu 1995. Nsomba zomwe zinapulumuka zinabisala m'maiwe akuya a m'mitsinje, ndipo ndi zomwezo zinadzaswananso madzi atabwerera. Choncho wothira katupe, mankhwala ophera nsomba, m'dziwe akupha mbewu ya nyanja yonse.

Pomanga biyo siyani mpata woti nsomba zidutse. Dimba lisafike m'mphepete penipeni mwa mtsinje. Siyani bango ndi mitengo zigwire nthaka, poti matope okokoloka amakwirira mazira ndi kudzaza maiwe. Nthawi yotseka nyanja ikalengezedwa, ilemekezeni, ndipo mukaona wothira katupe kauzeni a komiti ya usodzi kapena amfumu.

Amayi ndi abambo, neti ya udzudzu ndi yogonamo ana anu. Musapite nayo kudambo.