M'chifuwa Mukamalira: Chimayambitsa N'chiyani, Nanga Tipite Liti Kuchipatala?

Kulira kwa m'chifuwa ndi kaphokoso kosongoka ngati likhweru kamene kamamveka munthu akamapuma, makamaka potulutsa mpweya. Nthawi zina kamamveka muli pataliko, nthawi zina mpaka mutaika khutu pamsana pa wodwalayo. Kamayamba njira za mpweya m'mapapo zikapanikizika: mwina zatupa m'kati, mwina zadzaza makhololo, mwina minofu yozizungulira yafinya, kapena kanthu kena katsekereza. Choncho kulirako si matenda, ndi chizindikiro chabe, ndipo zoyambitsa zake n'zambiri. Zina zimatha zokha. Zina zimapha usiku womwewo.

Poyamba, mvetserani kumene phokosolo likuchokera. Khanda lachimfine limatseka mphuno n'kumamveka kororo-kororo, koma mukalichotsa mamina phokosolo limachepa. Kumeneko si kulira kwa m'chifuwa.

Mphumu

Munthu akamalira m'chifuwa mobwerezabwereza, lero ali bwino, sabata yamawa zayambiranso, chinthu choyamba kuganizira ndi mphumu. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linati mu 2019 anthu pafupifupi 262 miliyoni anali ndi mphumu, ndipo 455,000 anamwalira nayo. Imakonda kuvuta usiku ndi m'bandakucha. Mwana amatsokomola anzake ali m'tulo, kapena amathawa mpira pakatikati chifukwa cha phuma, kapenanso amabanika akaseka kapena kulira kwambiri. Nthawi zambiri mukafufuza mupeza kuti kuchimuna kapena kuchikazi kuli wina amene ali nayo. Siyopatsirana, ndiye palibe chifukwa chomupatulira mwana kapu yakeyake.

Zoidzutsa zimasiyana munthu ndi munthu. Ena ndi mphepo yozizira ya mu Juni ndi Julaye, ena ndi fumbi la mu Okutobala, ena ndi chimfine wamba. M'nyumba muli zambiri: fumbi la m'mabulangete ndi m'matiresi, mphemvu, chuku cha pakhoma lonyowa, ubweya wa mphaka, nkhuku zogona m'chipinda chimodzi ndi ana, utsi wa koilo ya udzudzu, mankhwala opopera tizilombo, mafuta onunkhira. Mankhwala ena akumwa nawonso amaiputa: aspirin ndi brufen kwa anthu ena, komanso propranolol amene amaperekedwa pa matenda othamanga magazi. Mukapita kuchipatala ndi vuto lina lililonse, nenani kuti muli ndi mphumu asanakulembereni mankhwala.

Mankhwala abwino a mphumu ndi opopera m'kamwa, a m'kabotolo kotchedwa inhaler. Alipo amitundu iwiri, ndipo ambiri amawasokoneza. Salbutamol, amene kawirikawiri kabotolo kake kamakhala kabuluu, amatsegula njira za mpweya m'mphindi zochepa, koma sachotsa kutupa kwa m'kati. Beclomethasone, amene nthawi zambiri amakhala m'kabotolo kofiirira, ndiye amachepetsa kutupako, ndipo amafunika tsiku ndi tsiku ngakhale munthu akumva bwino. Amene amadalira kabuluu kokha amakhalira kuzima moto umene ukuyakabe pansi. Ngati mukukafuna koposa kawiri pa sabata, kapena mphumu ikukudzutsani usiku, ndiye kuti sinagonje, bwererani kwa adokotala.

Pali mphekesera yoti ukayamba inhaler sudzasiyanso, kapena kuti ndi ya anthu amene atsala pang'ono kufa. Mphekesera imeneyi yavulaza anthu ambiri. Inhaler sizoloweretsa. Imapereka mankhwala ochepa zedi, olunjika kumapapo, pamene mapiritsi a salbutamol amazungulira thupi lonse, amachedwa kugwira ntchito, ndipo amanjenjemeretsa manja ndi kugunditsa mtima.

Ana, ngakhalenso akuluakulu ambiri, amalephera kupopa ndi kukoka mpweya nthawi imodzi, mankhwala n'kuthera pa lilime. Botolo lapulasitiki loyera la 500 ml limathandiza: limabooledwa kutako kuti kukamwa kwa inhaler kulowe mothina, wodwala n'kumapumira kukamwa kwa botolo. Madokotala a ku Cape Town anasonyeza mu 1999 kuti botolo lotere limagwira ntchito mofanana ndi chipangizo chogula. Pemphani anamwino akusonyezeni kakonzedwe kake. Mupope kamodzi, wodwala apume kasanu, kenako mupopenso.

Makanda ndi ana aang'ono

Khanda losakwana zaka ziwiri likayamba ndi chimfine, patapita masiku awiri kapena atatu n'kuyamba kulira m'chifuwa, nthawi zambiri ndi kachilombo ka mtundu wa vairasi kamene katupitsa tinjira ting'onoting'ono ta mpweya. Ambiri amachira okha pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo sikuti onse adzakula ndi mphumu. Koma chibayo nachonso chimayamba chimodzimodzi, ndipo mayi sangasiyanitse ziwirizi pongomvetsera. Chimene mungathe ndi kuwerenga. Mwana atadekha, osati akulira, muvuleni malaya ndipo muwerenge kapumidwe kake kwa mphindi imodzi yathunthu, mukuyang'ana nthawi pa foni. Wosakwana miyezi iwiri akapuma ka 60 kapena kuposa, wa miyezi iwiri mpaka 11 akapuma ka 50, wa chaka chimodzi mpaka zisanu akapuma ka 40, ndiye kuti akupuma mofulumira ndipo aonedwe tsiku lomwelo ndi mlangizi wa zaumoyo kapena kuchipatala. Katemera wa chibayo anayamba kuperekedwa m'Malawi mu 2011. Onani m'buku la kusikelo ngati mwana wanu analandira onse.

Palinso china chimene chimaiwalika. Mwana anali bwinobwino akusewera pamene mumasenda mtedza, mwadzidzidzi watsamwa, watsokomola mpaka misozi, ndipo kuchokera pamenepo akulira m'chifuwa popanda chimfine kapena kutentha thupi. Ganizirani kuti njere ya mtedza, nyemba, chimanga kapena mkanda yalowa njira ya mpweya. Ngakhale atadekha pambuyo pake, njereyo ikhoza kukhala ili m'mapapo n'kudzayambitsa chibayo chosamva mankhwala. Pitani naye, ndipo muwafotokozere adokotala za kutsamwako. Ngati akulephereratu kupuma kapena kulira, mugonekeni chafufumimba pamwendo panu mutu uli chakumunsi ndipo mum'menye ndi chikhatho kasanu pakati pa mapewa. Musapise chala kukhosi kufuna chinthu chimene simukuchiona, mungachikankhire m'kati.

Akuluakulu

Munthu amene wayamba kulira m'chifuwa atakula asafulumire kunena kuti ndi mphumu. Utsi wa fodya, komanso wa nkhuni ndi makala m'khitchini yopanda zenera, umawononga mapapo pang'onopang'ono kwa zaka zambiri, mpaka agogo aakazi amene sanasutepo chibadwire amapezeka akubanika pokwera kachitunda kochokera kudambo. Kuyatsira mbaula ndi majumbo kumangowonjezera vuto. Fumbi la pantchito nalonso limachita zomwezo: kuchigayo, m'chigafa cha fodya, pophwanya miyala. Abambo amene anagwirapo ntchito m'migodi ya golide ku Joni azinena zimenezi kuchipatala ngakhale padutsa zaka makumi angapo, chifukwa fumbi la miyala limasiya zipsera m'mapapo ndipo limatsegulira njira chifuwa chachikulu.

Chifuwa chachikulu chenichenicho chizikayikiridwa munthu akatsokomola kwa masabata awiri, akuonda, akutuluka thukuta usiku kapena akulavula magazi. Kuyeza makhololo ndi mankhwala ake n'kwaulere m'zipatala za boma. Amene ali ndi HIV asadikire n'komwe masabata awiriwo.

Mtima wofooka nawo umaliza chifuwa, chifukwa madzi amadzaza m'mapapo. Munthu wake amatupa mapazi, sangagone chagada popanda mapilo angapo, ndipo amadzidzimuka pakati pa usiku akusowa mpweya. Ameneyu inhaler simuthandiza, afunika mankhwala a mtima.

Pofunika kunyamuka nthawi yomweyo

Kukula kwa phokoso si muyeso wa ngozi. Yang'anani mmene munthuyo akulimbanirana ndi mpweya. Ngati sakutha kumaliza chiganizo popanda kupumira, ngati khungu la m'munsi mwa nthiti kapena pakhosi likulowa m'kati akamakoka mpweya, ngati lilime ndi m'kati mwa milomo mwatuwa kapena kubiriwira, funani galimoto, kabaza kapena ngolo, ngakhale pakati pa usiku. Chimodzimodzi mwana akakana bere, akamasanza chilichonse, akakomoka kapena akalefuka osadzuka bwinobwino. Komanso munthu akayamba kulira m'chifuwa atangolumidwa ndi njuchi, atangomwa mankhwala atsopano kapena kudya chakudya china, nkhope ndi milomo zikutupa, thupi lili ndi ziwengo. Ameneyu afunika jakisoni wa adrenaline, ndipo mphindi iliyonse ndi yofunika.

Choopsa koposa n'ichi: munthu amene amalira m'chifuwa mwamphamvu, kenako phokoso lazilala koma iye akuvutikabe, watopa, akusinza kapena akubwebweta. Achibale amapumira m'mwamba poganiza kuti zayamba kutha. Sizinathe. Mpweya wolowa wachepa kwambiri moti sukuthanso kuchita phokoso.

Panjira, wodwala akhale tsonga, asagone. Ngati ndi wamkulu wodziwika kuti ali ndi mphumu, apope kabuluu kamodzi pakatha mphindi iliyonse mpaka ka 10. Wa mwana tsatirani mlingo umene munauzidwa kuchipatala. Musatayire nthawi pomufukiza kapena kumufunditsa pa mphika wa madzi otentha: sizitsegula mapapo, ndipo ana ambiri amapsa nazo.

Pali zina zosathamangitsa usiku koma zosayenera kugonekedwa sabata yonse: kulira m'chifuwa koyamba m'moyo wa munthu, kulira kobwerabwera, kapena kobwera ndi kutentha thupi. Amayi oyembekezera amene ali ndi mphumu asasiye inhaler poopera mwana, chifukwa chimene chimamuvulaza ndi kusowa mpweya kwa mayi. Ndipo amoxicillin wogula pagolosale nthawi iliyonse chifuwa chikalira sachiza mphumu kapena vairasi. Ndalamayo ndi bwino ikhale yoyendera. Popita, tengani buku lanu lakuchipatala ndi mankhwala onse amene mukumwa, a zitsamba omwe, ndipo ngati muli ndi foni yotha kujambula mawu, jambulani kulirako usiku, chifukwa nthawi zambiri mukamafika pamzere m'mawa chifuwa chimakhala chitakhala chete.