Impact wrench ya batire: ndigule yotani?

Funso: Ndine makaniki wa mathirakitala ndi ma excavator. Ndikufuna impact wrench ya batire, koma onse ogulitsa amatama manambala akuluakulu. Ndiyang'ane chiyani?

Yankho: Bambo, yambani ndi kukula kwa mutu womwe soketi imalowapo, manambala a pabokosi abwere pambuyo. Opanga amalemba mphamvu ziwiri, yomangira ndi yomasulira, ndipo otsatsa amakonda yomasulira chifukwa ndiyo yaikulu. Makita DTW1001, ya mutu wa 3/4 inchi ndi batire la 18V, imamanga mpaka 1,050 Nm koma imamasula mpaka 1,700 Nm. Manati a matayala a lole yaikulu amamangidwa pafupifupi 600 Nm, ndiye pa ntchito yanu 3/4 inchi ndiyo poyambira, ndipo mabawuti a matcheni a excavator omwe adya dzimbiri angafune ya 1 inchi.

Ena adzati ya 1/2 inchi ndi yotchipa, mungoikapo adaputala. Adaputala imadya gawo la kumenya kwa chidacho kusanafike pa nati, ndipo nthawi zambiri ndiyo imayamba kuthyoka. Enanso adzati ya mpweya ndi yamphamvu kuposa. M'galaja n'zoona, koma makina olemera amafera kumunda kapena pamsewu, kumene kunyamula kompuresa n'chintchito. Mungogula mabatire awiri a 5.0Ah a kampani yomweyo, ndi masoketi akuda opangidwira impact, chifukwa onyezimira aja amasweka. Pomaliza kumanga gwiritsani ntchito torque wrench, impact siyeza mphamvu molondola.