Kodi mawu akuti "cattle" anachokera kuti?

Bambo amene mwatilembera kuchokera ku Ntcheu, mukufunsa kuti bwanji Angerezi amati "cattle" ponena ng'ombe, pamene ali kale ndi mawu akuti "cow". 

Mawuwa anafika ku England ndi Anomani, anthu olankhula Chifalansa amene analanda dzikolo mu 1066. Iwo ankati "catel", ndipo sankatanthauza ng'ombe ayi, koma katundu aliyense amene munthu ali naye. Tikafukula mozama tikupeza Chilatini: "capitale", chuma, kuchokera ku "caput", mutu. Nchifukwa chake mawu akuti "capital", mpamba wa bizinesi uja, ndi "chattel", katundu wa munthu pa zamalamulo, ali pachibale ndi "cattle".

Popeza chuma cha mlimi masiku amenewo chinali m'khola, tanthauzo linayamba kuchepa mpaka linatsalira pa ziweto. Ndipotu poyamba zinali ziweto zonse. Mukatsegula Baibulo la Chingerezi la King James la mu 1611, pa Genesis 30, mupeza nkhosa ndi mbuzi zimene Yakobo ankaweta kwa Labani zikutchedwa "cattle". Pambuyo pake mawuwa anadzakhazikika pa ng'ombe zokha.

Chenjezo kwa ana asukulu: mawuwa ndi a zambiri nthawi zonse, musalembe "a cattle" pamayeso. Imodzi yaikazi ndi "cow", nkhunzi ndi "bull", yofula yokoka ngolo ndi "ox". Powerenga gulu, Angerezi amawerenga mitu, monga "ten head of cattle".