Phunziro 18: Banja limene linazima magetsi

Werengani

Bambo Colin Beavan ndi mlembi wa mabuku. M'caka ca 2006 iwo ankakhala mu mzinda wa New York, ku Amereka. New York ndi mzinda waukulu kwambiri. Uli ndi magalimoto ambiri, utsi wambiri ndi zinyalala zambiri.

Bambo Beavan ankakhala ndi akazi awo ndi mwana wawo wamkazi wa zaka 2. Iwo ankada nkhawa poona mpweya, madzi ndi nthaka zikuwonongeka. Tsono banjali linagwirizana kukhala caka cimodzi osawononga cilengedwe.

Analeka kukwera galimoto. Ankayenda pansi kapena pa njinga. Nyumba yawo inali pamwamba, pa nsanjika ya 9. Analeka kukwera cikepe, makina onyamula anthu kupita pamwamba. Ankakwera masitepe tsiku ndi tsiku.

Analeka kugula zakudya zokulungidwa m'mapulasitiki. Ankadya zolimidwa kufupi ndi mzinda wawo. Makoko a zipatso ankapatsa nyongolotsi za m'bokosi. Nyongolotsizo zinkasandutsa makoko kukhala manyowa. Analekanso pepala la kucimbudzi, m'malo mwake ankatenga madzi.

Itapita miyezi ingapo, anazima magetsi a m'nyumba. Usiku ankayatsa makandulo.

Anthu anati ciyani?

M'caka ca 2007 nyuzipepala ya The New York Times inalemba za banjali. Anthu ambiri anawerenga nkhaniyo.

Ena anaseka. Anaseka kwambiri za pepala la kucimbudzi.

Ena anakwiya. Anati Bambo Beavan akungofuna kuchuka ndi kugulitsa buku.

Ena anati banja limodzi silingathe kusintha dziko lonse.

Koma ena anayamba kuganiza. Anayang'ana zinyalala za m'nyumba zawo. Anadzifunsa ngati zonse zimene amagula ndi zofunikadi.

Banjali linamva zonsezi, koma silinabwerere m'mbuyo. Linamaliza caka conse. Kenaka linayatsanso magetsi, cifukwa magetsi amathandiza pa nchito zambiri. Koma njinga silinaisiye. M'caka ca 2009 Bambo Beavan anatulutsa buku la nkhani imeneyi. Dzina lake ndi No Impact Man.

Ku midzi yambiri ya ku Tete ndi ku Niassa anthu amayenda pansi, amakwera njinga ndipo amadya za kumunda kwawo. Palibe amene amadabwa nazo. Ku New York anthu anadabwa cifukwa banjali linali ndi ndalama, koma linasankha lokha kusiya zinthu zimene anzawo anazizolowera.

Munthu akayamba cinthu cacilendo, ena amamuseka. Ndi bwino kuyamba wamufunsa cifukwa cake.

Yankhani mafunso

1. Kodi Bambo Beavan ankakhala mu mzinda uti?
2. Chulani zinthu zitatu zimene banjali linaleka.
3. Kodi nyongolotsi zinkagwira nchito yanji?
4. N'cifukwa ciyani anthu ena anakwiya?

Jambulani

Jambulani njinga ndi kandulo. Lembani maina ake pansi.

Nchito ya kunyumba

Funsani amayi, abambo kapena agogo: kodi zinyalala za pakhomo panu zimapita kuti? Ndi ziti zimene zingasanduke manyowa? Mawa mudzauze aphunzitsi ndi anzanu.